Zoyenera kuchita mukapeza wina akugulitsa malonda ndi chizindikiro chanu ku Johannesburg

Dzina la bizinesi limatenga zaka kuti lidziwike. Telala wa ku Mayfair amene amasokerera kansalu ka dzina lake pakolala ya malaya aliwonse, mayi wa ku Rosettenville amene amathira tsabola wa kambuzi m'mabotolo omatidwa pepala lake, ndi mwini galimoto zonyamula katundu wopita ku Blantyre ndi ku Lilongwe, onsewa ali ndi chinthu chimene makasitomala amawadziwira, ndipo chinthucho ndi chuma ngakhale sichigwirika ndi manja. Tsiku limene mwapeza kuti munthu wina waika dzina lomwelo, kapena lofanana nalo kwambiri, pa malonda ake, mtima umafuna kuti mupite nthawi yomweyo mukamufunse. Ndikukupemphani kuti musapite. Nkhani za mtundu uwu zimatha bwino kwa munthu amene ali ndi umboni ndipo watsata ndondomeko, ndipo zimene mudzachite m'masiku oyambirira ndizo zidzakuimikeni kapena kukugwetsani pamaso pa woweruza. Zonse zimene zili pano zikutsata malamulo a South Africa, makamaka lamulo la Trade Marks Act 194 la chaka cha 1993, chifukwa malonda ochitikira m'dziko lino amaweruzidwa ndi malamulo a kuno, kaya mwini wake ndi wa ku Mangochi, ku Chipata kapena ku Tete.

Choyamba, sonkhanitsani umboni mwakachetechete

Munthu wogwiritsa ntchito chizindikiro cha mnzake akangomva kuti mwini wake wadziwa, amachotsa katundu pashelefu, amafufuta zithunzi pa Facebook, ndipo m'mawa mwake amakana kuti sanagulitsepo chinthu chotero. N'chifukwa chake ntchito yoyamba ndi kugula. Tumani munthu wamkulu amene wogulitsayo sakumudziwa, woti sadzakana kulumbira pa zimene waona, kuti akagule katunduyo ngati kasitomala wina aliyense. Agule ziwiri kapena zitatu ndipo apemphe lisiti. Ngati malowo sapereka malisiti, monga zimakhalira m'timasitolo tambiri ta m'tauni, alipire ndi khadi kapena kudzera kubanki kuti patsale chosonyeza kumene ndalama inapita. Asanyengerere wogulitsa kuti amate dzina lanu pa katundu amene analibe dzinalo, koma angogula zimene zilipo kale. Akangotuluka alembe tsiku, nthawi, msewu, nambala ya nyumba kapena ya kasitolo, mtengo, ndi mawu amene wogulitsa ananena. Ngati anafunsa kuti, "Kodi uyu ndi tsabola uja wa mayi a ku Rosettenville?" ndipo wogulitsa anavomera, yankho limenelo ndi umboni wolemera kwambiri.

Mabotolo kapena malaya amene agulidwawo musawatsegule, musamatule pepala lake, ndipo musawasakanize ndi anu. Aikeni m'pulasitiki pamodzi ndi lisiti, mumange, ndipo mulembepo tsiku ndi dzina la wogula. Ngati malondawo ali pa intaneti, jambulani tsamba lonse kuti paoneke adiresi yake, dzina la wogulitsa, nambala ya foni, mtengo ndi tsiku. Lamulo la Electronic Communications and Transactions Act la 2002 limalola khothi kulandira umboni wotere, koma woweruza amafuna kudziwa amene anajambula ndiponso ngati palibe chinasinthidwa, choncho sungani zithunzizo monga zinatulukira mufoni.

Umboni umene anthu amauiwala kwambiri ndi mawu a makasitomala. Uthenga wa pa WhatsApp wofunsa kuti, "Amayi, kodi mwatsegula nthambi ku Turffontein?" kapena wodandaula kuti tsabola wa mwezi uno ndi wamadzimadzi, pamene botolo limenelo silinachokere kwa inu, ukusonyeza kuti anthu asokonezekadi. Musaufufute. Funsani mwaulemu ngati mwini uthengawo angalole kulemba kalata yolumbira, imene imadindidwa kwaulere pa polisi iliyonse.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikukuletsani mwamphamvu. Musapite ndi anyamata kukalanda katundu, chifukwa khothi la kuno limalamula kuti chilichonse cholandidwa popanda chilolezo cha lamulo chibwezedwe kaye, lisanamve n'komwe za amene ali wolakwa, ndipo mungatsegulirenso nokha mlandu wa kupolisi. Musalembenso m'magulu a WhatsApp kuti uje ndi wakuba. Mawu otero angakubweretsereni mlandu woipitsa mbiri ya munthu, komanso amachenjeza amene mumafuna kumupeza asanabise kanthu.

Chachiwiri, onani ngati inuyo mwaima pabwino

Apa ndi pamene anthu athu ambiri amakhumudwira, ndipo n'chifukwa chake ndikhalitsapo. Kulembetsa kampani ndi kulembetsa chizindikiro cha malonda ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale zonse zimachitikira kubungwe limodzi la Companies and Intellectual Property Commission, lodziwika kuti CIPC, limene likulu lake lili ku Pretoria. Pepala losonyeza kuti muli ndi kampani silikupatsani mphamvu zimene lamulo la zizindikiro limapereka. Chimene chikufunika ndi satifiketi ya chizindikirocho, yokhala ndi nambala yake ndi gulu la malonda limene chinalembetsedwa.

Satifiketiyo ikhale ya dziko lino. Chizindikiro cholembetsedwa ku Malawi kapena ku Zambia chimatetezedwa komweko. South Africa sili m'bungwe la ARIPO, lolembetsa zizindikiro m'maiko angapo a mu Africa, ndipo silinalowe m'mgwirizano wa Madrid umene umalola kulembetsa m'maiko ambiri ndi pempho limodzi, choncho palibe njira ina koma kulembetsa ku CIPC. Mlendo saletsedwa kulembetsa, bola apereke adiresi ya m'dziko lino yolandirira makalata. Pali chitetezo chapadera cha zizindikiro zakunja zotchuka kwambiri, chimene kampani ya McDonald's inapambana nacho mlandu wake ndi Joburgers Drive-Inn mu 1996, ngakhale kuti pamene mlanduwo unkayamba inali isanatsegule malo odyera m'dziko lino. Koma chitetezo chimenecho chimafuna umboni woti dzinalo likudziwika ndi anthu ambiri okhudzidwa ndi malondawo kuno, ndipo bizinesi yaing'ono isachidalire.

Mukaitenga satifiketi, iwerengeni modekha. Onani dzina la mwini wake, chifukwa ngati chizindikiro chinalembedwa m'dzina la m'bale wanu kapena la kampani imene inatsekedwa, amene angasume si inu mpaka zimenezo zitakonzedwa. Onani tsiku, popeza kulembetsa kumagwira ntchito zaka 10 ndipo kumayenera kuwonjezeredwa. Onaninso gulu. Malonda anagawidwa m'magulu 45, ndipo kuno pempho lililonse limakhala la gulu limodzi lokha: zovala zili m'gulu 25, tsabola wa m'botolo ndi zokometsera zina m'gulu 30, zonyamula katundu m'gulu 39, ndipo malo odyera m'gulu 43. Dzifunseninso ngati mwakhala mukuchigwiritsadi ntchito chizindikirocho, chifukwa chimene chakhala zaka 5 zotsatizana chisakugwira ntchito chingafufutidwe m'kaundula, ndipo loya wa mbali inayo chinthu choyamba chimene adzafufuze ndi chimenechi. Funso lomaliza ndi lowawa koma losathawika: anayamba ndani? Gawo 36 la lamuloli limateteza munthu amene wakhala akugwiritsa ntchito dzinalo moona mtima ndi mosalekeza kuyambira inu musanayambe kuligwiritsa ntchito kapena kulilembetsa.

Ngati simunalembetse, simungasume pansi pa lamulo la zizindikiro, koma simunataye zonse. Pali mlandu wina umene maloya amautchula kuti passing off, woletsa munthu kunamiza anthu kuti malonda ake ndi anu kapena akugwirizana ndi inu. Kuvuta kwake n'kwakuti muyenera kutsimikizira khothi kuti dzina lanu lili ndi mbiri pakati pa ogula, ndipo zimenezi zimafuna ma invoisi akale, mabuku a zogulitsa, mapepala otsatsira malonda, zithunzi za chikwangwani chanu zosonyeza zaka, ndi makalata a kubanki. Yambani kuzisanja lero, ndipo sabata yomweyo perekani pempho lolembetsa chizindikiro. Yankho la CIPC limachedwa, koma chikadzalembedwa, tsiku lake lidzakhala limene munaperekera pempho. Pakadali pano musaike chilembo cha ® pa katundu wanu, chifukwa kusonyeza kuti chizindikiro chinalembetsedwa pamene sichinatero ndi mlandu. Zilembo za TM ndizo mungagwiritse ntchito.

Chachitatu, yesani ngati chachitikacho ndi kulakwira lamulo

Si kufanana kulikonse kumene khothi lingaletse. Gawo 34 limatchula njira zitatu. Yoyamba ndi kugwiritsa ntchito pa malonda, popanda chilolezo, chizindikiro chanu chenichenicho kapena chofanana nacho moti chingasocheretse anthu, pa katundu wa mtundu umene munalembetsa. Yachiwiri ndi kuchita zomwezo pa katundu woyandikana kwambiri ndi wanu, moti wogula angaganize kuti zonse zikuchokera kumodzi. Yachitatu ndi ya zizindikiro zotchuka zokha, pamene wina akudyerera kutchukako kapena akukuwononga, ngakhale palibe amene wasokonezeka.

Poyerekeza zizindikiro ziwiri, makhothi a kuno amatsata njira imene inafotokozedwa pa mlandu wa Plascon-Evans Paints ndi Van Riebeeck Paints mu 1984. Amayang'ana maonekedwe, kamvekedwe potchula, ndi tanthauzo, ndipo amadziika m'malo mwa wogula wamba amene sakuona zinthu ziwirizo pamodzi, koma akungokumbukira pang'ono chimene anagula kale. Choncho kusintha chilembo chimodzi kapena mtundu wa pepala kawirikawiri sikupulumutsa wokoperayo. Chiyeseni nokha: onetsani botolo lake lokha kwa munthu amene anagulapo lanu mwezi watha, osamuuza kanthu, ndipo mumve chimene anene.

Khalaninso oona mtima pa zimene mnzanuyo angayankhe. Palibe amene angatseke mawu ofotokoza katundu, choncho ngati chofanana chokha ndi mawu oti kambuzi, chambo kapena Malawi, ndipo iye akuwagwiritsa ntchito pouza anthu chimene chili m'botolo, mlandu wanu ndi wofooka. Munthu amaloledwa kuchita malonda moona mtima ndi dzina lake lenileni. Wogulitsanso katundu wanu weniweni, amene anagula kwa inu kapena kwa wina amene munamugulitsa, sanabe chizindikiro. Ngakhale makampani aakulu amagonja akapitirira malire: mu 2005 Khothi la Malamulo Aakulu a Dziko, limene lili ku Braamfontein, linagamula mokomera kakampani ka Laugh It Off kamene kanasindikiza malaya oseka chizindikiro cha mowa wa Carling Black Label, chifukwa eni mowawo sanasonyeze kuti malonda awo angawonongekedi.

Chachinayi, dziwani amene mukulimbana naye, ndipo pezani loya

Mnyamata amene ali pakauntala nthawi zambiri ndi waganyu chabe. Fufuzani dzina la kampani m'kaundula wa CIPC, onani dzina limene latuluka pa lisiti kapena pa uthenga wa kubanki, ndipo yesetsani kudziwa kumene katunduyo akuchokera ndi amene amasindikiza mapepala ake. Kuletsa sitolo imodzi pamene wopanga akupitiriza kugawa m'masitolo khumi ndi kutaya ndalama.

Loya amene mukufuna ndi wodziwa za zizindikiro za malonda, osati aliyense amene anakuthandizanipo pa nkhani ya nyumba kapena ya mapepala. Bungwe la South African Institute of Intellectual Property Law lili ndi mndandanda wa mamembala ake, ndipo ku Legal Practice Council mungatsimikize ngati munthu ali loya wovomerezeka. Pitani ndi umboni wosanjidwa motsata masiku, pemphani kuti mtengo wa gawo lililonse la ntchito ulembedwe, ndipo muuzeni zonse, ngakhale zimene zikukufooketsani. Musanatuluke muofesi yake mukhale mutagwirizana chimene mukufuna kwenikweni. Kwa bizinesi yaing'ono, chofunika koposa ndi chakuti winayo asiye. Chipukuta misozi n'chovuta kuchitsimikiza, ndipo kuchithamangitsa kungadye ndalama zoposa zimene mungalandire.

Chachisanu, kalata yochenjeza

Nkhani zambiri zimathera pa kalata imeneyi, choncho iyenera kulembedwa mosamala, ndipo ndi bwino ituluke kwa loya. Inene kuti ndinu ndani, nambala ya chizindikiro chanu ndi gulu lake, chimene munthuyo wachita, kuti ndi liti, ndipo pakhale zithunzi. Kenako itchule zimene mukufuna: kuti asiye kugwiritsa ntchito chizindikirocho, achotse chikwangwani ndi zonse za pa intaneti, apereke mapepala omata ndi katundu wotsala, aulule amene amamupatsa katunduyo ndi kuchuluka kwa zimene wagulitsa, ndipo asaine lonjezo loti sadzabwerezanso. Ikani tsiku lomaliza loyankhira, kawirikawiri pakati pa masiku 7 ndi 14. Musaopseze ndi chinthu chimene simungachite, ndipo musalowetsemo nkhani za mapepala a munthu okhalira m'dziko, chifukwa sizikhudzana ndi chizindikiro ndipo zingaoneke ngati mukufuna kumufinya. Kalatayo iperekedwe m'njira yosiya umboni, monga kudzera kwa sherifu wa khothi kapena pamanja munthu n'kusainira, kuwonjezera pa imelo.

Kalata imeneyi musaitumize ngati katunduyo ndi wachinyengo weniweni ndipo mukuganiza zoitana apolisi, chifukwa idzangopatsa munthuyo mpata wosamutsa katundu usiku.

Nthawi zambiri wokoperayo sakhala mlendo. Amakhala munthu amene anagwirapo ntchito kwa inu, kapena wakumudzi amene mumapemphera naye. Kupita kwa akuluakulu a mpingo, a mzikiti kapena a gulu la anthu akwanu kuti akukhazikeni pansi ndi chinthu chabwino, ndipo ndi njira yotsika mtengo imene imasunganso ubale. Chimene ndikuumirira n'chakuti zimene mwagwirizanazo zilembedwe ndi kusainidwa, zikhale ndi masiku. Ngati mwamulola kumaliza katundu amene ali naye, lembani kuchuluka kwake ndi tsiku lomaliza. Ngati mwaona kuti ndi bwino azigulitsa m'dzina lanu n'kumakulipirani, loya alembe mgwirizano wa laisensi umene ukupatsani mphamvu yoyang'anira ubwino wa katunduyo, popeza dzina likaikidwa pa zinthu zosalongosoka, mbiri imene iwonongeke ndi yanu. Kungogwirana chanza n'kubalalika kungadzaoneke ngati munavomera kuti apitirize.

Chachisanu ndi chimodzi, makomo ena osafuna khothi

Ngati kalata yanyozedwa, kapena munthuyo sakudziwika kumene ali, pali malo ena odandaulira malinga ndi kumene dzina lanu laikidwa. Facebook, Instagram ndi TikTok ali ndi mafomu odandaulira za chizindikiro, ndipo amafunsa nambala ya satifiketi ndi adiresi ya tsamba lolakwalo. Dziwani kuti dzina la wodandaula lingaperekedwe kwa mwini tsambalo. Ngati webusaiti ikusungidwa ndi kampani ya m'dziko lino, gawo 77 la lamulo la 2002 lija limalola kutumiza chidziwitso chopempha kuti zolakwazo zichotsedwe, ndipo bungwe la Internet Service Providers' Association limalandira zidziwitso zotere m'malo mwa mamembala ake. Wolemba chidziwitso chabodza mwadala amalipira zimene zawonongeka.

Ngati wina walembetsa adiresi ya pa intaneti yothera ndi .co.za m'dzina lanu, pali ndondomeko yothetsera mikangano pansi pa bungwe la ZADNA, imene imachitika pa mapepala okha ndipo ingalamule kuti adiresiyo isamutsidwire kwa inu. Ngati walembetsa kampani ya dzina losokoneza, gawo 160 la Companies Act ya 2008 limakulolani kudandaula ku Companies Tribunal, imene ingalamule kuti dzinalo lisinthidwe. Ndipo ngati mwapeza kuti iye wapereka pempho lolembetsa chizindikiro chanu ku CIPC, muli ndi miyezi 3 yotsutsira kuchokera pa tsiku limene pempholo lalengezedwa mu Patent Journal, chikalata chimene CIPC imalengezeramo mapempho otere. Tsiku limeneli loya wanu aliyang'anire, chifukwa kufufutitsa chizindikiro chimene chalembedwa kale ndi ntchito yaikulu kuposa kuchitsekereza chisanalowe.

Chachisanu ndi chiwiri, pamene katunduyo ndi wachinyengo

Pali kusiyana pakati pa munthu amene wasankha dzina lofanana ndi lanu ndi amene wakopera zonse, pepala, mtundu ndi chizindikiro, kuti wogula aganize kuti wagula chenicheni. Wachiwiriyu akuphwanya lamulo la Counterfeit Goods Act 37 la 1997, ndipo umenewu ndi mlandu wa boma. Wopezeka wolakwa koyamba angalipitsidwe mpaka R5 000 pa chinthu chilichonse kapena kumangidwa mpaka zaka 3, ndipo wobwereza mpaka R10 000 pa chinthu chilichonse kapena zaka 5.

Mwini chizindikiro cholembetsedwa amapereka dandaulo kwa woyendera amene lamuloli limamuzindikira, monga wapolisi kapena wa kasitomu, pamodzi ndi kalata yolumbira yofotokoza ufulu wake, chitsanzo cha katundu weniweni, chitsanzo cha wachinyengo, ndi kusiyana kwake. Apa ndi pamene mabotolo aja munamanga m'pulasitiki amagwira ntchito. Woyenderayo akakhutira amakatenga chilolezo chofufuzira kwa majisitireti kapena jaji, ndipo katundu wogwidwa amasungidwa kumalo ovomerezeka mpaka mlandu utatha. Chimene muyenera kudziwiratu ndi kufupika kwa nthawi. Chidziwitso choti katundu wagwidwa chikatuluka, mumakhala ndi masiku 3 okha otsegulira mlandu kupolisi, ndi masiku 10 ogwira ntchito odziwitsira munthuyo ngati mukufuna kumusumira nokha. Mukaphonya, katunduyo angabwezedwe kwa mwini wake. Dandaulo lopanda maziko lingachititse kuti inuyo mulipire zimene winayo wataya, choncho njirayi musaiyende popanda loya.

Ngati katunduyo akuchokera kunja, kudzera padoko la Durban, pamalo otsitsira makontena a City Deep, pabwalo la ndege la OR Tambo kapena pachipata cha Beitbridge, gawo 15 la lamulo lomweli limakulolani kupempha akuluakulu a kasitomu kubungwe lotolera misonkho la SARS kuti azigwira katundu wokhala ndi chizindikiro chanu akamalowa m'dziko.

Chachisanu ndi chitatu, khothi

Milandu yolakwira chizindikiro cholembetsedwa imapita ku High Court, ndipo kwa ambiri a kuno ndi imene ili pa msewu wa Pritchard m'katikati mwa Johannesburg, kapena ya ku Pretoria. Khothi lingapereke chiletso, lingalamule kuti chizindikiro chichotsedwe pa katundu yense, kapena kuti katunduyo aperekedwe kwa inu ngati sichingachotseke. Lingalamulenso chipukuta misozi, kapena m'malo mwake ndalama imene munthuyo akanakulipirani akanapempha laisensi. Njira yachiwiriyi imathandiza amene sangathe kusonyeza ndendende kuchuluka kwa makasitomala amene anataya.

Ngati mukufuna chiletso chamsangamsanga mlandu usanamvedwe wonse, muyenera kusonyeza kuti muli ndi ufulu wooneka, kuti mukadikira mudzapwetekeka mosabwezeka, kuti chiletsocho chikapanda kuperekedwa inu mudzavutika kuposa mmene winayo angavutikire chikaperekedwa, ndi kuti palibe njira ina yokwanira. Pano kuchedwa kumapweteka kwambiri. Woweruza amafunsa tsiku limene munadziwa, ndipo munthu amene anadziwa mu Januwale n'kubwera mu Ogasiti akunena kuti nkhani yake ndi yachangu, kawirikawiri amauzidwa kuti akaime pamzere ndi anzake. Kudekha kumene ndakupemphani poyamba ndi kwa masiku osonkhanitsira umboni, osati kwa miyezi. Ngongole ya chipukuta misozi nayo imatha mphamvu pakapita zaka 3.

Werengerani mtengo musanalowe. Wogonja amalamulidwa kulipira gawo la ndalama za maloya a wopambana, ndipo ngakhale mutapambana, zimene mungabwezeredwe sizifika pa zonse zimene munalipira loya wanu. Yembekezeraninso kuti mbali inayo ingabweze moto popempha kuti chizindikiro chanu chifufutidwe, ndipo n'chifukwa chake ntchito ya pa gawo lachiwiri ija siyenera kudumphidwa. Malamulo a khothi amafuna kuti mbali iliyonse inene poyambirira ngati ikuvomera kukambirana pamaso pa mkhalapakati. Ngati winayo waonetsa mtima wofuna kusiya, vomerani, ndipo pemphani kuti mgwirizanowo usandutsidwe chigamulo cha khothi, kuti akadzauphwanya adzayankhe mlandu wonyoza khothi.

Nkhani ikatha, bwererani kumalo kuja pakapita milungu ingapo, ndipo mutumenso munthu wina akagule kuti muone ngati lonjezo likusungidwa. Dziwitsani makasitomala anu malo enieni ogulira katundu wanu popanda kutchula dzina la amene munalimbana naye. Lembetsani chizindikiro m'magulu ena amene bizinesi yanu yalowamo, ndiponso ku Malawi kapena ku Zambia ngati katundu wanu amakwera mabasi kupita kumeneko. Amene amakusindikizirani mapepala omata asainirane nanu kuti sadzasindikizira wina aliyense mapepala a chizindikiro chanu, ndipo mafayilo a chizindikirocho muzisunga inuyo, pamodzi ndi satifiketi ndi tsiku limene iyenera kuwonjezeredwa.